Ovaloko yafika pakhomo: musanaikepo nsalu ya kasitomala

Pa gulu lina la amayi osoka limene ndimayendera, mayi wina anandikokera pambali titangoweruka. "Alangizi, mwana wanga ananditumizira makina kuchokera ku Joni, koma andikanika." Titafika kwawo ndinapeza ovaloko (makina osokera m'mphepete mwa nsalu) yatsopano ya ulusi unayi ili m'katoni kunsi kwa bedi. Pobwera inali ndi ulusi wa mitundu inayi umene anaulowetseratu ku fakitale. Mayiwo anauyesa zinyalala za m'katoni, nausolola wonse. Kuyambira tsiku limenelo makinawo sanasokepo. Miyezi inadutsa iwo akumanyamula madiresi kupita nawo kwa telala wa pamsika, kumalipira kuti awadutsitse pa ovaloko, yawo ili phee kunsi kwa bedi.

Mwa mavuto amene ndimaitanidwira a makina amenewa, ochepa kwambiri ndi a chitsulo chothyoka. Ambiri ndi a ulusi umene wadutsa njira yolakwika. Choncho nkhani yathu itsamira kwambiri pa ulusi.

Ovaloko imagwira ntchito zitatu pakamodzi. Imadula m'mphepete mwa nsalu, imakulunga m'mphepetemo ndi ulusi kuti musayoyoke, ndipo mukaika singano ziwiri imalumikizanso nsalu ziwiri ndi msoko wolimba. Makina otere anayambira m'mafakitale, ku kampani ya Merrow ya ku Connecticut m'dziko la America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Aang'onoang'ono apakhomowa anatulukira ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pa dzina la Baby Lock. Lero mupeza a Brother, Singer, Janome, Juki, ndi Empisal amene ambiri amabwera nawo kuchokera ku South Africa. Ochuluka mwa iwo amabaya pafupifupi ka 1,300 pa mphindi imodzi. Liwiro limeneli ndi lokoma pa ntchito, koma kumbukirani kuti pali mpeni umene ukuthamanga nalo limodzi.

Musagulitse makina anu opalasa aja poganiza kuti mwapeza olowa m'malo. Ovaloko siika zipi, siboola mabowo a mabatani, ndipo sisoka pakati pa nsalu. Malo ake ndi m'mphepete basi. Makina awiriwa amagwira ntchito mothandizana.

Musanalumikize ku magetsi, tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kapena kunsi. Magetsi athu kuno ndi a 230V. Makina ochokera ku South Africa kapena ku Britain amagwirizana nawo. A ku South Africa amangofuna kusintha pulagi, poti yawo ndi ya mano obulungira pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Koma ngati m'bale wakutumizirani kuchokera ku America ndipo palembedwa 120V, musayerekeze kulowetsa pa khoma popanda thiransifoma. Adaputa ya pamsika imangosintha mano a pulagi, mphamvu ya magetsi imakhala yomweyo, ndipo mota imapsa nthawi yomweyo. Magetsi akazima muli pa ntchito, zulani pulagi, mudzalowetsenso akabwera n'kukhazikika.

Tebulo likhale lolimba, losagwedera. Ovaloko imanjenjemera kuposa makina wamba, ndipo pa tebulo lapulasitiki imayenda yokha. Ikani kachidutswa ka kapeti kapena labala kunsi kwake. Kumanzere kusiyeni malo okwanira oti nsalu igonepo, chifukwa nsalu yolendewera pansi imadzikoka yokha n'kupotoza msoko.

Tsopano ulusi. Kumbuyo kwa makina kuli kamtengo kachitsulo kamene kamasololoka ngati eriyo ya wailesi. Kakokeni mpaka kumapeto, ndipo timabowo take tiyang'anizane ndi makoni a ulusi amene ali pansi pake. Kamtengoka kakatsala theka, ulusi umakoka modukiza ndipo umaduka, inu n'kumatukwana makina osalakwa. Kenako kwezani kaphazi kopanikiza nsalu. Kaphazi kakakwera, pa makina ambiri timbale ta tenshoni, timene timapana ulusi kuti ukungike, timatseguka ndipo ulusi umalowa pakati pake bwinobwino. Mukalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, umangokhala pamwamba pa timbaleto osagwidwa. Gwirani ulusi mbali zonse ziwiri, muukankhire m'kati mpaka mumve kuti wakhala.

Tsegulani chitseko cha kutsogolo. Muona tizitsulo tiwiri tokhota tokhala ndi bowo kunsonga. Amenewo ndi malupa, ya pamwamba ndi ya pansi, ndipo ndi amene amagwira ntchito imene bobini imagwira pa makina wamba. M'kati mwa chitsekomo muli chithunzi cha njira ya ulusi uliwonse, ndipo njira iliyonse ili ndi timadontho ta mtundu wake. Pa makina ambiri apakhomo mumayamba ndi lupa ya pamwamba, kenako ya pansi, kenako singano ya kumanja, n'kumalizira ya kumanzere. Ngati chithunzi cha makina anu chikunena zina, tsatirani chithunzicho, osati ine. Chimene sichisintha n'chakuti singano zimabwera pomaliza.

Apa mpamene ambiri amagwa, choncho ndibwerezepo. Ulusi wa lupa ya pansi ukaduka, munthu amangoulowetsanso n'kuponda. Waduka. Aulowetsanso. Wadukanso. Chimene chachitika n'chakuti ulusi wa m'singano watsalira kunsi kwa ulusi wa lupa, ndiye akupingasana, ndipo lupa ikangosuntha imadula. Mankhwala ake ndi osavuta: solotsani kaye ulusi m'maso mwa singano zonse ziwiri, lowetsani wa lupa, kenako bwezerani wa singano. Onetsetsaninso kuti ulusi wa lupa ya pansi, potuluka kupita kumbuyo, wadutsa pamwamba pa lupa ya pamwamba monga chithunzi chikusonyezera. Kachopanira kamene kamabwera m'bokosi la zida kasungeni ngati ndalama. Zala sizifika m'makona amenewo.

Langizo langa kwa aliyense woyamba ndi ili: tsiku loyamba ikani ulusi wa mitundu inayi yosiyana, ndipo ngati mungathe, yofanana ndi timadontho ta pa makinawo. Tengani zidutswa za chitenje chakale, ikani manambala onse a tenshoni pakatikati, pa 3 kapena 4 malinga ndi buku la makina anu, kutalika kwa msoko pa 2.5 kapena 3, ndipo musoke. Musanaike nsalu, zungulizani gudumu ndi dzanja kangapo kulowera kumene muvi wake waloza, kenako pondani pang'ono mpaka kutuluke kachingwe koluka ka masentimita 10. Kachingweko kakatuluka kosalala, ndiye kuti ulusi uli m'njira zake.

Mukasoka, yang'anani kachidutswako mbali zonse. Ulusi wa malupa awiri uyenera kukumana m'mphepete mwenimweni mwa nsalu, wina pamwamba wina pansi. Mukaona mtundu wa lupa ya pamwamba wazungulira kupita kunsi, ndiye kuti iyoyo yalekerera kapena ya pansi yamangitsa. Mukaona timalupu tikulendewera kunja kwa nsalu, malupa onse alekerera kapena mpeni ukudula mopitirira. Mukaona ulusi wa singano wapanga timalupu kunsi, kapena msoko ukuyasama mukakoka nsalu ziwirizo, onjezerani tenshoni ya singano. Ndi ulusi woyera wokhawokha simungadziwe wolakwa ndi uti; ndi mitundu inayi, wolakwayo amadziulula yekha. Sinthani nambala imodzi yokha, pang'ono, musokenso, muonenso. Amene amapotokola zonse zinayi nthawi imodzi amathera tsiku lonse pamenepo. Ndipo musanakhudze nambala iliyonse, tsatirani kaye ulusiwo ndi chala kuchokera pa koni mpaka kumapeto, muone ngati sunaphonye kabowo.

Posintha mtundu wa ulusi simufunika kuyambanso zonse. Dulani wakale pafupi ndi koni, mangani watsopano ndi mfundo yaing'ono yolimba, kwezani kaphazi, tsitsani tenshoni pa 0, ndipo kokani ulusi umodzi umodzi pang'onopang'ono. M'malupa mfundo imadutsa. Pa singano sidutsa: iduleni isanafike pa diso, mulowetse ndi dzanja. Musaiwale kubwezera manambala. Komabe njira yachiduleyi isakulepheretseni kuphunzira kulowetsa kuyambira pachiyambi, chifukwa tsiku lina ulusi udzaduka usiku diresi la ukwati likufunika m'mawa.

Za mitundu musadandaule kuti mugula makoni anayi pa chitenje chilichonse. Woyera, wakuda, wotuwa ndi wa kirimu amakwanira ntchito zambiri. Ulusi umene ungaonekere kunja msoko ukakokedwa ndi wa singano ya kumanzere, ndiye fananitsani umenewo wokha ndi nsalu. Malupa amadya ulusi wambiri kuposa singano, choncho makoni akayamba kuchepa asinthanitseni malo. Ulusi wotchipa wa mfundomfundo ndi waubweya usiyeni m'sitolo momwemo.

Singano nazo si zonse zimalowa. Makina ena apakhomo, monga Brother 1034D, amatenga singano wamba za 130/705H. Ena amafuna ELx705. Za DCx27 zimene amagulitsa kwa atelala ndi za ovaloko zikuluzikulu za m'fakitale. Werengani buku, kapena pitani ndi singano yakale kositolo. Saizi 80 kapena 90 imakwanira nsalu zambiri. Polowetsa, mbali yaphwatalala iloze kumbuyo, ndipo muikankhe mpaka igunde. Singano ya kumanzere imakhala m'mwamba pang'ono kuposa ya kumanja. Si vuto, anaipanga choncho.

Kumbali kuli kagudumu kena kolembedwa differential feed, ka manambala oyambira 0.7 mpaka 2.0, ndi N kapena 1 pakati. Ovaloko ili ndi magulu awiri a mano okoka nsalu, akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo kagudumuka kamasintha liwiro la akutsogolo. Chitenje ndi nsalu za yunifolomu zimayenda bwino pa N. Nsalu yotamuka, monga matisheti a pakaunjika amene mukuchepetsa, ikamatuluka yopindikapindika ngati mafunde, kwezani kufika 1.5 kapena kupitirira. Nsalu yopyapyala ya laining'i ikamakwinyika, tsitsani kulowera ku 0.7.

Mpeni ndiwo ndimauopa. Ine ndemwe, ndili wophunzira, ndinkadutsitsa mkono wa bulauzi maso ali pa singano. Kunsi nsalu inali itapindika osadziwa. Ndinangomva kulemera pang'ono, kutembenuza, bowo lalitali ngati chala lili pachifuwa pa bulauzi ya mwini wake, ndipo nsalu ya mtundu umenewo inali itatha m'sitolo. Msoko wolakwika umasomoka: mukasolola ulusi wa singano, wa malupa umangogwa wokha. Podulidwa palibe chobwezera. Maso anu akhale pa mpeni, dzanja lamanzere lizisalaza kunsi kwa nsalu nthawi zonse, ndipo pokhota muziwongola m'mphepete musanafike pa mpeni. Mapini achotseni akadali kutali, kapena abayeni motsata msoko masentimita atatu kuchokera m'mphepete. Pini imodzi yokha imabenthula mpeni, ndipo chidutswa chake chikhoza kuulukira m'diso. Pa misoko yokhuthala ya jinzi musaponde. Zungulizani gudumu ndi dzanja.

Pali chinthu china chimene ndimatsutsana nacho ndi osoka ambiri atsopano. Akangozolowera ulusi unayi, chilichonse amalumikiza ndi ovaloko chifukwa n'kofulumira. Pa tisheti ndi zovala zotamuka n'zoona, ndiye ntchito yake. Koma pa yunifolomu ya mwana wa sukulu kapena diresi la chitenje, msoko wotere umasiya mamilimita 5 mpaka 7 okha. Mwana akakula, kapena mayi akanenepa pang'ono, palibe pomasulira. Chotsani singano imodzi, dutsitsani mbali iliyonse payokha ndi ulusi utatu mukungosenga pang'ono, kenako lumikizani pa makina wamba mutasiya sentimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ntchito imatalika pang'ono, koma chovalacho chidzabwera kudzakulitsidwa m'malo motayidwa. Chitenje muzichichapa kaye musanadule, poti chimabwerera.

Ovaloko ilibe zobwerera m'mbuyo. Pomaliza msoko pitirizani kuponda mpaka kachingwe katuluke, dulani mutasiya mchira, ndipo mchirawo muulowetse m'kati mwa msoko ndi singano yaikulu ya pamanja, kapena muumange mfundo. Ngati msoko wina udzadutsa pamenepo, palibe chovutikira.

Mpeni umatulutsa thonje lambiri, ndipo limadzaza m'kati mofulumira kuposa pa makina wamba. Mukamaliza ntchito ya tsiku, zulani pulagi, tsegulani zitseko, sesani ndi kaburashi. Musauzire ndi pakamwa: mpweya wake ndi wonyowa, ndipo umakankhira thonje m'kati. Mafuta akhale a makina osokera, kadontho kamodzi kapena awiri pamalo amene buku lasonyeza, osati ophikira, amene amauma n'kumata zitsulo. Mukathira, sokani kaye pa chidutswa kuti mafuta otsala asadetse nsalu ya munthu. Vundikirani makina poopa fumbi la m'chilimwe ndi chinyezi cha m'dzinja. Mpeni ukayamba kutafuna nsalu m'malo modula, wabuntha. Apo pitani kwa okonza makina mutalemba dzina ndi nambala ya makina anu, chifukwa mipeni siifanana.

Mayi wa kunsi kwa bedi uja ndinamuuza kuti alowetse ulusi wonse ine ndikuona, kenako ndinausolola, n'kumuuza ayambirenso. Anachita katatu, kachitatu sanayang'anenso chithunzi. Ndinawasiyira kope la sukulu loti nsalu iliyonse imene yasokeka bwino azidulako kachidutswa, kumata pa tsamba, n'kulemba pambali manambala anayi a tenshoni, kutalika kwa msoko ndi differential feed. Nditapitakonso ndinapeza masamba atatu adzaza: chitenje, nsalu ya yunifolomu, tisheti, laining'i, ndi kachidutswa ka jinzi kamene pambali pake analemba kuti "gudumu ndi dzanja".