Kupeza polowera madzi m'boti la matabwa

Boti likulowa madzi koma bowo silikuoneka? Likadali panyanja, kapani madzi onse, mupukute ndi chiguduli, kenako wazani phulusa lowuma m'mizere yolumikizira matabwa. Poyamba kuda m'pamene pakulowera. Musapusitsidwe ndi pomwe madzi adikha, amangotsetserekerapo.

Ngati amalowa pokhapokha mwakweza ukonde ndi nsomba, mng'alu uli m'matabwa apamwamba omwe amauma ndi dzuwa. Akamalowa injini ikulira, onani thabwa lakumbuyo: kunjenjemera kumamasula misomali.

Zikakanika, kokerani botilo kumtunda, muliike pamitengo, muthiremo madzi olekeza m'kakolo basi. Ochuluka amakankha matabwa. Suzumirani pansi, podontha mulembe ndi choko, mubayepo mpeni. Ukalowa mosavuta, thabwalo lawola, kumata ndi phula sikuthandiza.