Wofedwa akakufunsani kuti Mulungu waloleranji, muyankhe bwanji

Funso ili limabwera basi, kaya mwakonzeka kaya simunakonzeke. Mwana wa zaka 6 wangodwala masiku awiri wapita, mnyamata amene wangomaliza kumene sukulu wagundidwa ndi galimoto, mayi wamwalira pobereka kusiya khanda, nde inuyo poti amakudziwani kuti ndinu munthu wopemphera wofedwayo akukuyang'anani m'maso n'kunena kuti, inu mumati Mulungu ndi wachikondi, tandiuzani anali kuti? Ambiri apa timanjenjemera. Timaona ngati tikapanda kuyankha msanga ndiye kuti tamuchititsa manyazi Mulungu, choncho timangotola mawu aliwonse amene tinamvapo ena akunena pa maliro, ndipo kawirikawiri mawu amenewo ndi omwe amapweteka munthu kuposa tikanangokhala chete.

Poyamba penipeni khalani naye pansi osayankhula zambiri. Yobu anataya ana 10 tsiku limodzi, nyumba inawagwera akudya kwa mkulu wawo. Anzake atatu atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osatulutsa liwu, poti anaona kuti ululu wake unali waukulu (Yobu 2:13). Mpaka pamenepo anali abwenzi enieni. Zinthu zinasokonekera atayamba kufotokoza. Elifazi akuti kodi unaonapo munthu wosalakwa akuwonongeka, Bilidadi mu chaputala 8 mpaka kufika ponena kuti mwina ana akowo anachimwa nde Mulungu wawapatsa zowayenera, tangoganizani kumuuza zimenezo bambo amene wangoika kumene ana ake. Ndipo kumapeto pa Yobu 42:7 Mulungu anawakwiyira anzakewo kuti sananene zoona za iye, pomwe Yobu amene anadandaula mpaka kutemberera tsiku lake lobadwa ndi amene Mulungu anati wanena zoyenera. Vesi imeneyi muziikumbukira nthawi zonse lilime likamayabwa kuti mumuikire kumbuyo Mulungu.

Ndiye mvetserani bwino kuti funsolo ndi lamtundu wanji. Tsiku loyamba kapena sabata yoyamba, munthu akamati chifukwa chani Ambuye, sakufuna phunziro la Baibulo ayi, akulira. Mugwireni dzanja, muuzeni kuti pepani, zikupweteka, ndili nanu pano. Pakapita miyezi ingapo funso lomwelo limabweranso koma tsopano lili lenileni, munthu wakhala akuganiza usiku osagona, ndipo akufunadi kudziwa ngati angapitirize kukhulupirira Mulungu ameneyu. Apa ndi pomwe mungatsegule Baibulo.

Pali mawu ena oti muwasiyiretu. Zoti Mulungu amafuna mngelo wina kumwamba mulibe m'Baibulo, anthu sasanduka angelo, komanso mukuti mayiyo aziona bwanji Mulungu amene amalanda ana a anthu kuti akadzaze kumwamba kwake? Zoti mudzabereka wina, ayi chonde, mwana salowa m'malo mwa mnzake. Zoti limbani mtima musalire nazonso samalani nazo. Inde Yesu anamuuza mayi wamasiye wa ku Naini uja kuti usalire (Luka 7:13), koma nthawi yomweyo anagwira chithatha n'kumudzutsa mnyamatayo n'kumubwezera kwa amake. Inu ndi ine sitingathe kuchita zimenezo, nde tilibe mphamvu yoletsera munthu misozi. Olo Aroma 8:28 yomwe timaikonda ija, yoti zinthu zonse zimathandizana kuwachitira ubwino okonda Mulungu, ndi yoona ndithu, koma siinena kuti imfa ya mwanayo ndi chinthu chabwino, ndipo nthawi zambiri imamveka bwino wofedwayo akaifikira yekha patsogolo kusiyana ndi kumuponyera manda adakali ofewa.

Tsono zimene munganene molimba mtima ndi ziti? Yambani ndi ichi, Baibulo imfa limaitchula kuti mdani. 1 Akorinto 15:26 akuti mdani wotsiriza amene adzathetsedwe ndi imfa. Choncho wofedwa akamamva mumtima kuti izi si zoyenera, sizimayenera kukhala chonchi, sakulimbana ndi Mulungu, akugwirizana naye. Imfa inalowa m'dziko kudzera mu uchimo (Aroma 5:12), ndipo Paulo mu Aroma 8 akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi amene ali pa zowawa za kubereka. Tikukhala m'dziko lowonongeka momwe matenda sasankha msinkhu, mabuleki amatha kuduka, madzi amatha kukokolola wabwino ndi woipa yemwe. Ndipo pali ufulu umene Mulungu anapatsa anthu. Munthu woyamba kufa m'Baibulo sanafe ndi ukalamba, ndi Abele, wolungama, wophedwa ndi mbale wake. Mulungu anamuchenjeza Kaini kuti uchimo wakubisalira pakhomo koma sanamugwire mkono. Izi n'zofunika kuzinena makamaka pamene imfayo yabwera chifukwa cha munthu, dalaivala woledzera, chigawenga, kapena wina amene ananyalanyaza ntchito yake. Musamuuze wofedwa kuti chinali chifuniro cha Mulungu ngati kuti wolakwayo palibe chomwe walakwa. Mulungu anati magazi a Abele akulira kwa iye kuchokera m'nthaka, nde banja likafuna kuti chilungamo chichitike sikuti lachepa chikhulupiriro.

Chachiwiri, ndipo apa ndikufuna titsindike kwambiri poti ndi pomwe anthu ambiri amadzizunza, kutalika kwa moyo si sikelo yoyezera chilungamo cha munthu. Tatengani mafumu awiri a Yuda. Manase anachita zoipa zosaneneka, mpaka kuwotcha mwana wake ngati nsembe, koma analamulira zaka 55 (2 Mafumu 21). Mdzukulu wake Yosiya analowa ufumu ali ndi zaka 8, anakonza kachisi, anachotsa mafano, Baibulo likuti panalibe mfumu ina inatembenukira kwa Yehova ndi mtima wonse ngati iyeyo, koma analamulira zaka 31 basi n'kuphedwa ku nkhondo ku Megido polimbana ndi Farao Neko, ali ndi zaka pafupifupi 39. Mlaliki 7:15 akungonena mosabisa kuti waonapo wolungama akufa m'chilungamo chake ndi woipa akukalamba m'zoipa zake. Yesu mwini wake pa Luka 13 anafunsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, kuti kodi mukuganiza kuti anali ochimwa kuposa onse okhala mu Yerusalemu? Ndipo anayankha yekha kuti ayi. Wina akhoza kukukumbutsani za mwana wa Davide ndi Bateseba amene anafa chifukwa cha tchimo la bambo ake, musakane, nkhaniyo ilimo pa 2 Samueli 12, koma kumeneko panali mneneri Natani wotumidwa ndi Mulungu kukanena zimenezo, inu simunatumidwe kukanena zotero kwa mayi amene akudzifunsa kale kuti ndinalakwanji ine.

Nanga uja amene akuti mwina sindinapemphere mokwanira, mwina chikhulupiriro changa chinali chochepa? Mutsegulireni Machitidwe 12. Herode anapha Yakobo mbale wake wa Yohane ndi lupanga, kenako n'kugwira Petro, Petro mngelo anamutulutsa m'ndende usiku. Chaputala chimodzi, atumwi awiri, onse anayenda ndi Yesu, onse anali pa phiri paja Yesu atasandulika, wina wapulumuka wina wadulidwa, ndipo Luka sakutiuza chifukwa chake olo pang'ono. Palibe amene anganene kuti Yakobo chikhulupiriro chinamuchepera.

Apa ndiye pafika pomwe muyenera kulimba mtima n'kunena kuti sindikudziwa. Chifukwa chimene imfa ilipo m'dziko Baibulo latiuza, koma chifukwa chimene wapita mwana uyu, chaka chino, osati wina, sitinauzidwe. Deuteronomo 29:29 akuti zinsinsi ndi za Yehova. Yobu mpaka buku kutha sanauzidwe zimene ife owerenga tikuzidziwa mu chaputala 1 ndi 2, Mulungu anangobwera kudzayankhula naye. Akhristu nawonso amasiyana potsindika, ena amagwira kwambiri Masalimo 139:16 yoti masiku athu onse analembedwa tisanabadwe ndipo zimawatonthoza kuti palibe chimene chinamudzidzimutsa Mulungu, ena amatsindika za ufulu wa munthu ndi dziko lowonongeka poti kwa iwo kumva kuti Mulungu anakonza ngoziyo n'kosapiririka. Simukuyenera kuthetsa mkangano umenewu pamaso pa munthu wolira, onani chimene chikumupatsa mpweya. Pali Yesaya 57:1 yomwe imati olungama nthawi zina amachotsedwa kuti asaone zoipa zikubwera, ndipo Yosiya uja mneneri wamkazi Hulida anamuuzadi kuti maso ake sadzaona tsoka la Yerusalemu. Ine ndimaona kuti vesi imeneyi ndi yoti muitchule mosamala, ngati chinthu chimene chimachitika, osati ngati mukudziwa kuti ndi zomwe zachitika kwa mwana wawoyo.

Mukachoka pamenepo mupite naye ku Betaniya, Yohane 11, ndipo muwerenge pang'onopang'ono. Yesu anamva kuti Lazaro akudwala n'kukhalabe masiku awiri komwe anali, pofika anapeza wagona kale m'manda masiku 4. Marita anamuchingamira ndi mawu akuti Ambuye mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Mariya naye atabwera ananena mawu omwewo ndendende. Ndi funso lomwe lija lakuti munali kuti, ndipo Yesu sanakalipire aliyense mwa iwo. Marita anakambirana naye za kuuka kwa akufa, koma kwa Mariya amene anangogwa pa mapazi ake akulira sanalalikire, anafunsa kuti mwamuika kuti, n'kulira. Ankadziwa bwinobwino kuti pakangopita kanthawi amudzutsa Lazaro koma analirabe. Anthu awiri a nyumba imodzi, funso limodzi, mayankho awiri, nde inunso musakhale ndi yankho limodzi la aliyense.

Ndipo Yesuyo anafa imfa yotani? Anayamba ntchito yake ali ndi zaka pafupifupi 30 (Luka 3:23), patangopita zaka zochepa anaphedwa popanda mlandu, amake ataima pafupi ndi mtanda akuonerera. Anafuula mawu a Masalimo 22 kuti Mulungu wanga mwandisiyiranji. Kwa ine apa ndi pomwe pali yankho lachikhristu lenileni, silikufotokoza chilichonse koma likuti Mulungu amene tikumufunsayu analowamo yekha mu imfa ya msanga, ndipo tsiku lachitatu anatulukamo. Ndi chifukwa chake Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 sakuti musalire, akuti musalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Stefano ataponyedwa miyala anthu opembedza anamuika ndipo anamulira kwambiri (Machitidwe 8:2), anthu omwewo okhulupirira kuuka kwa akufa.

Wofedwa akakwiya ndi Mulungu musamutseke pakamwa. Akasiya kubwera ku tchalitchi musamutumizire meseji yomuopseza kuti wabwerera m'mbuyo, mwina akulephera kupirira nyimbo imene inaimbidwa pa maliro, mwina sangathe kuyang'ana mpando umene mwanayo ankakhalapo. Mupatseni mawu opempherera ochokera m'Baibulo momwemo, Masalimo 13 yomwe imafunsa mpaka liti Yehova kanayi konse, kapena Masalimo 88 yomwe imathera mu mdima osafika pa aleluya. Akati sindingathe kupemphera, muuzeni kuti palibe vuto ndipemphera ine, ndipo pempherani mwachidule, osati pemphero lomulalikira.

Pena funso limakhala loti nanga ali kuti panopa, makamaka ngati womwalirayo sankapemphera, kapena anadzipha. Musagamule mlandu umene si wanu, kaya mbali iyi kaya mbali inayo. Abrahamu anafunsa kuti kodi woweruza wa dziko lonse sadzachita zolungama (Genesis 18:25), ndipo wachifwamba wa pa mtanda uja abale ake akanakhala kutali sakanadziwa zimene anakambirana ndi Yesu m'maola ake omaliza.

Ntchito yaikulu imayamba anthu akabalalika. Sabata yachitatu foni imasiya kulira, aliyense wabwerera ku zake, mayi uja watsala ndi nsapato za mwana zili pakhomo pomwe anazivula ndipo akulephera kuzisuntha, bambo akungotsegula nambala ya mwana wake mu foni osaifufuta. Pitani nthawi imeneyo. Musamangoti mukafuna chilichonse mundiuze, sangakuuzeni, ingofikani muchape, muphike, mutenge ana otsalawo kupita nawo ku sukulu, ndipo anawo muwafunse nawonso kuti zikuyenda bwanji poti iwo amaiwalidwa. Tchulani dzina la womwalirayo, ambiri amaopa kuti akumbutsa, koma makolowo sanaiwale olo mphindi imodzi, chimene chimawawawa ndi kuona ngati anthu onse amuiwala. Lembani penapake tsiku lake lobadwa ndi tsiku limene anamwalira kuti chaka chamawa mudzaimbe foni. Ndipo mukaona kuti miyezi ikudutsa munthu sakudya, sakugona, wayamba kumwa kwambiri kapena akunena zoti bola ndimutsatire, musangoti tipemphere basi, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, dziwitsani wachibale wodalirika ndipo mupite naye kwa dokotala kapena kwa mlangizi tsiku lomwelo.