Mwana wobadwa masiku asanakwane: mafizo amayambira m'manja mwa makolo

Mwana akamatuluka m'nazale, makolo amapita kunyumba atagwira malangizo atatu: azifunda, aziyamwa pafupipafupi, azibwera kusikelo. Onsewa ndi ofunika. Koma pali chinanso chomwe sichinenedwa mokwanira, makamaka kwa mwana amene wabadwa mimba isanakwane masabata 32, amene wafulumira ndi miyezi iwiri kapena kuposerapo. Thupi la mwana wotere limafuna kuthandizidwa kuti liphunzire kudzigwira, kutembenuka, kukhala ndi kukwawa. Ambiri timaona ngati mafizo ndi a munthu wothyoka mwendo kapena wodwala sitiroko, choncho timadikira mpaka chaka chithe mwana asanakhale pansi ndiye n'kuyamba kuthamanga. Miyezi yomwe ubongo umaphunzira msanga imakhala itadutsa. Ndipo kwathu kuno ana oterewa ndi ambiri: lipoti lomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi anzake anatulutsa mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse akubadwa masabata 37 asanakwane.

Tiyambe ndi chomwe mwanayu waphonya. Miyezi iwiri yomaliza m'mimba malo amachepa. Mwana amapindika, mawondo kumimba, manja kukamwa, chibwano pachifuwa. Akaponda, chiberekero chimamubwezera, ndipo umu ndi momwe minofu ya kumimba, ya m'khosi ndi ya m'ntchafu imakhwimira. Wobadwa msanga amapezeka ali pamatiresi minofu isanalimbe. Miyendo imagwera m'mbali ngati ya chule, mapewa amabwerera kumbuyo, mutu umapendekera mbali imodzi mpaka kuphwatalala. Akayamba kupeza mphamvu, imatsogola ndi minofu ya kumsana, n'chifukwa chake ana ambiri otere amakonda kudzikunga chammbuyo ndi kuwongola miyendo. Ena amasangalala kuti mwana walimba. Kulimba komwe tikufuna ndi kwakuti azitha kubweretsa mutu pakati, manja onse awiri kukamwa, ndi kunyamula miyendo m'mwamba.

Musanayese chilichonse, phunzirani kuwerenga msinkhu wake molondola. Mimba yokwana ndi masabata 40. Mwana wobadwa pa masabata 30 wafulumira ndi masabata 10, ndipo masabata amenewa muziwachotsa. Akakwanitsa miyezi 6 chibadwire, muyembekezere zomwe amachita mwana wa miyezi itatu ndi theka. Muziwerenga chotere mpaka atakwana zaka ziwiri. Izi muwafotokozerenso agogo ndi apongozi, chifukwa nkhawa zambiri zimabwera pofanizira ndi mwana wa oyandikana nawo amene anabadwa mwezi womwewo masiku atakwana. Katemera yekha ndiye amatsata tsiku lenileni lobadwa.

Mafizo oyamba ndi kangaru, njira yoika mwana pachifuwa cha kholo, khungu kukhudzana ndi khungu. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno inafika mu 1999 pachipatala chachikulu cha Zomba. Malangizo a WHO a 2022 amati iyambe mwana akangobadwa, maola 8 mpaka 24 patsiku. Timaidziwa kuti imafunditsa mwana ndi kuthandiza mkaka kutuluka, koma taonani momwe mwana amakhalira pachifuwa: miyendo yopinda, manja pafupi ndi nkhope, chitenje chikumugwira mbali zonse, ndipo akuyesa kutukula mutu pang'ono. Ndi zomwe anaphonya m'mimba zija. Chongoyenera kukumbukira n'chakuti mutu muzisinthira, ulendo uno kumanja, ulendo wina kumanzere, chibwano chitatukuka pang'ono kuti apume bwino. Bambo, chifuwa chanu chimagwira ntchito yomweyo. Mayi akapita kukasamba kapena kukadya, mwanayo asakagonekedwe pabedi inu muli pomwepo.

Kodi masewera ochita dala amathandizadi? Ku Norway anafufuza ana obadwa pa masabata 32 kapena asanakwane. A mafizo anaphunzitsa makolo, ndipo makolowo ndiwo ankachita ndi ana awo akadali m'chipatala: mphindi 10 zokha, kawiri patsiku, kwa masabata atatu, cholinga chikhale kugwira mutu ndi kubweretsa thupi pakati. Pomaliza ana awa ankadzigwira bwino kuposa anzawo. Atakwana zaka ziwiri, kusiyana kuja sikunaonekenso. Kafukufuku wina wambiri akaphatikizidwa amasonyeza zofanana: chithandizo choyamba msanga chimathandiza mayendedwe a thupi pang'ono m'miyezi yoyamba, chimathandiza kwambiri kuganiza ndi kuphunzira mpaka msinkhu wa kumkaka, koma sichiletsa cerebral palsy (kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo) ngati ubongo unavulala kale. Ndikunena izi kuti wina asakulonjezeni zozizwitsa, komanso kuti muone kuti masabata atatu okha sakwanira. Ine ndimaona kuti phindu lenileni lili pakuti kholo lophunzitsidwa limapitiriza kunyumba, ndipo limazindikira vuto msanga.

Zochita zake n'zazing'ono, ndipo zambiri zimalowa m'ntchito zomwe mumachita kale.

Pomunyamula, musamuzule ali chagada mutu ukulendewera. Mutembenuzireni chammbali kaye, mawondo atapinda, dzanja lanu limodzi pansi pa mutu ndi phewa, lina kumatako, ndiye mumunyamule. Pomugoneka chitaninso chimodzimodzi, ayambe wafika chammbali. Posintha thewera musamukoke akakolo m'mwamba. Pindani mawondo ake kumimba n'kumupendeketsa mbali iyi, kenako inayo. Thewera limasinthidwa kangapo patsiku, ndiye kuti mwana waphunzira kutembenuka kangapo popanda inu kupatula nthawi.

Akakhala maso, wakhuta ndipo wadekha, khalani pamphasa mutatsamira khoma, mawondo anu atapinda, mumugoneke pantchafu zanu akuyang'anani. Miyendo yake ipinde pamimba panu. Gwirani mapewa ake mowabweretsa kutsogolo pang'ono kuti manja ake akumane, agwirane, afike kukamwa. Mulankhuleni. Akakupenyani, sunthani nkhope yanu pang'onopang'ono kumanja, mubwerere pakati, mupite kumanzere, iye azikutsatirani ndi maso ndi mutu. Osafulumira. Mwana wobadwa msanga amatenga kanthawi kuti ayankhe, ndipo nthawi zambiri timamusuntha tokha iye asanayese. Mupatseni mpata ayambe yekha, inu mungomalizitsa.

Kenako kugona chafufumimba ali maso. Yambirani pachifuwa panu mutatsamira chammbuyo, kenako pamiyendo panu, ndipo akamakula pamphasa yoyalapo chitenje. Zigongono zake zikhale pansi pa mapewa, dzanja lanu likanikize matako pang'ono kuti mutu upepuke. Poyamba mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. WHO imalangiza kuti mwana amene sanayambe kukwawa azikwanitsa mphindi 30 patsiku, zogawa pang'onopang'ono, ndipo wanuyo adzafikapo m'kupita kwa nthawi. Koma apa mvetsetsani: chafufumimba ndi cha mwana amene ali maso ndipo inu mukumuona. Pogona tulo agone chagada, pamalo olimba, popanda mapilo kapena nsalu zokulunga pafupi ndi nkhope. Zija mumaona kunazale, anamwino atamuzinga ndi nsalu kapena atamugoneka chafufumimba, zimachitika chifukwa pali womuyang'anira usiku wonse.

Mwana amanena akatopa, kungoti sanena ndi mawu. Akayamba kuyasamula, kutambasula zala zonse, kuyang'ana kumbali, kudzikunga, kupuma mofulumira kapena khungu kusintha mtundu, lekani. Mupinde manja ndi miyendo pakati, mumugwire chete osamugwedeza, kapena abwerere pachifuwa. Masewera opitirira pamene mwana wakana amangomudyera mphamvu yomwe akanakulira.

Pali zina zomwe timachita ndi mtima wabwino koma zimabwezera mwanayu m'mbuyo. Kumuwongola miyendo mokoka pomusambitsa kuti "alimbe" kusiyeni. Mafupa a ana obadwa msanga kwambiri amakhala osakhwima. Kumukhazika m'beseni titamutchinga ndi nsalu khosi lisanalimbe kumangomupinda msana, sikumuphunzitsa kukhala. Kumuimiritsa pamiyendo panu nthawi zonse, kapena kumuika m'kanjinga koyendera ana, kumawonjezera kudzikunga kuja ndi kupondera zala. Kubereka kumsana dikirani mpaka khosi litagwira, ndipo ngakhale pamenepo mwana asathe tsiku lonse ali kumbuyo. Kukwawa amaphunzirira pansi.

Tsopano zomwe muyenera kupita nazo kuchipatala osadikira, powerengera msinkhu wochotsera uja. Miyezi 4 yakwana mutu ukugwabe, kapena zibakera zili chifumbatire. Miyendo yauma moti thewera likuvuta kuveka, kapena ikupingasana mukamunyamula. Thupi lili lolobodoka. Akugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha chaka chisanakwane. Ameneyu musathamangire kunena kuti ndi wamanzere, dzanja linalo likhoza kukhala lofooka. Akutsamwa kawirikawiri poyamwa, sakutsata nkhope, sakudzidzimuka ndi phokoso. Miyezi 9 yakwana sakukhala yekha, kapena miyezi 18 sakuyenda. Pomwe mwana wasiya kuyamwa, wazizira, akukomoka kapena akudukiza kupuma, imeneyo si nkhani ya mafizo, thamangani nthawi yomweyo.

Pakati pa miyezi 3 ndi 5 pali mwayi wina womwe ambiri sitiugwiritsa ntchito. Mwana wabwinobwino akagona chagada ali maso, thupi lake lonse limachita timayendedwe ting'onoting'ono tosalekeza m'khosi, m'manja, m'chiuno ndi m'mapazi. Katswiri wa ku Austria, Heinz Prechtl, anasonyeza kuti timayendedwe timeneti tikasowa, chimakhala chizindikiro champhamvu cha cerebral palsy, ndipo masiku ano vutoli likhoza kudziwika mwana asanakwane miyezi 6. Inu simungaweruze nokha, koma ngati muli ndi foni, mujambuleni kanema wa mphindi zitatu atavala thewera lokha, thupi lonse likuoneka, asakulira ndipo wina asakumusewera. Mukawaonetse a mafizo.

A mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, komanso m'zipatala zambiri za maboma. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities (MAP), lomwe lili ndi malo a Kachere ku Blantyre, limathandizanso ana olumala ndi ochedwa kukula. Njira yabwino ndi kufunsa musanatuluke m'nazale: pemphani kuti wa mafizo amuone mwana, akuonetseni ndi manja anu momwe mungamugwirire, ndipo akupatseni tsiku lobweranso. Onetsetsani kuti m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa masabata omwe anabadwira ndi kulemera kwake pobadwa. Kusikelo, akamaliza kumuyeza kulemera, auzeni alangizi a zaumoyo zomwe mwana wayamba kuchita ndi zomwe sanayambe, ndipo ngati pali chokukayikitsani pemphani kalata yopitira kwa a mafizo tsiku lomwelo.