Tiyi wa ku Harare amafuna kudekha

Mzinda wa Harare uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho madzi amawira pa madigiri 95, osafika 100. N'chifukwa chake tiyi amatuluka wamadzimadzi mukapupuluma. Yambani mwatsukuluza tipoti ndi madzi otentha. Ikani masamba supuni yaing'ono imodzi pa kapu iliyonse, kaya ndi Tanganda wa ku Chipinge kapena Chombe wochokera kumudzi, kenako vundikirani kwa mphindi 4 kapena 5. Mukapitirira apo amawawa.

Khofi ndiye amagwirizana ndi kutentha komweko, thirani madzi akangowira.

Amayi oyembekezera ndi onse ochepa magazi, chonde musamatsitsire nsima ndi tiyi. Amalepheretsa ayironi wa m'nyemba ndi ndiwo zamasamba kulowa bwino m'thupi. Dikirani ola limodzi mukatha kudya.