Momwe mungalandirire ndi kutsogolera ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite

Bungwe la National Council for Higher Education likangotulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kumudzi kumamveka nthungululu ndipo achibale amayamba kusonkha kangachepe kogulira chikwama ndi zofunda. Chimwemwe chimenechi chimathera pa depoti. Mwanayo akatsika basi ku Zomba, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Mitundu, atanyamula ndowa yodzaza ndi ufa ndi nyemba, amakhala yekha pakati pa anthu osawadziwa, ndipo amene angamuthandize msanga ndi wophunzira mnzake amene anafika pamalopo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Malangizo otsatirawa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo umenewu, kaya ndinu wa mu bungwe la ophunzira, woyimira kalasi, mtsogoleri wa ku hositelo kapena wa gulu la mapemphero.

Kuyambira mu 2021, pamene makoleji a University of Malawi anapatukana, dziko lino lili ndi mayunivesite a boma 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST ku Thyolo. Iliyonse ili ndi sabata yake yolandirira alendo, imene akuluakulu a sukulu amayankhula mu holo. Sabata imeneyo ndi yofunika, koma ntchito yanu yeniyeni imatenga masabata 6 oyambirira, chifukwa mavuto ambiri amayamba kuoneka zolankhula za mu holo zitatha ndipo makolo atabwerera kwawo.

Gawo loyamba: yambani iwo asananyamuke kwawo

Pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira (Dean of Students kapena Director of Student Affairs) kapena kwa mkulu wa dipatimenti yanu, mukadziwike kuti ndinu amene muziyang'anira ophunzira atsopano, ndipo mupemphe mndandanda wa mayina awo ngati malamulo a sukulu akulola. Mukaupeza, gawanani ndi atsogoleri anzanu kuti aliyense akhale ndi anthu osapitirira 10. Munthu mmodzi sangasunge m'mutu mayina 80, ndipo wophunzira amene mtsogoleri wake sakumudziwa dzina savuta kusowa osadziwika kuti wasowa.

Gulu la pa WhatsApp ndi lothandiza, komabe musaganize kuti onse alimo. Ena ali ndi foni ya mabatani, ena amagwiritsa ntchito ya amalume awo, ena amakhala kumene netiweki imagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu. Amenewa muwaimbire. Muwauze tsiku lofika, zikalata zoyenera kunyamula monga chiphaso cha unzika, kalata yowaitana ndi zotsatira za mayeso a MSCE, ndiponso muwachenjeze mosapita m'mbali kuti ndalama za fizi zimalipidwa ku akaunti ya yunivesite imene yalembedwa m'kalata yawo basi. Nyengo imeneyi akamberembere amalowerera m'magulu a ophunzira, n'kumalonjeza malo ogona kapena thandizo la fizi, bola munthu atumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Mwana wa kumudzi amene sanayendepo amakhulupirira msanga munthu wolankhula Chingerezi chosalala, choncho mawu anu afike iye asanakumane ndi otere.

Gawo lachiwiri: tsiku lofika ndi nkhani ya pogona

Konzani zoti atsogoleri ena akhale pa depoti ndipo ena pa geti, atavala chinthu chowazindikiritsa. Mukakumana ndi wophunzira amene wabwera ndi kholo lake, perekani moni kwa kholo poyamba, mwaulemu wake, ndipo mulipatse nambala yanu. Mayi amene wauzidwa kuti, "Amayi, musadandaule, mwana wanuyu tikhala naye ndipo chilichonse chikavuta tikuimbirani," amabwerera kwawo mtima uli m'malo, ndipo mwanayo amaona kuti wasiyidwa m'manja mwa anthu.

Nkhani imene idzakudyereni nthawi yambiri ndi ya pogona. Mahositelo a mayunivesite athu sakwanira onse, motero ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda kwa a ku Zomba, ku Luwinga kwa a ku Mzuni, ku Goliati kwa a ku MUST, kapena ku Chitawira ndi madera oyandikana nawo kwa a ku Blantyre. Musangomulozera njira wophunzirayo. Pitani naye, ndipo asanapereke ndalama muone limodzi zinthu zimene mlendo saganizira. Kankhani chitseko muone ngati loko wake ndi wolimba, yang'anani mawindo ngati ali ndi zitsulo, tsegulani mpopi, ndipo mukaone chimbudzi ndi bafa kuti akugwiritsa ntchito anthu angati. Funsani ngati magetsi ali pa mita imodzi ndi mwini nyumba, chifukwa mikangano yambiri imabuka pa mayunitsi, makamaka wina akayamba kuphikira nyemba pa hotipuleti. Yendaninso mtunda wochokera pamenepo kufika ku laibulale, mukuganizira mmene njirayo imakhalira 9 koloko usiku mvula ikugwa, makamaka kwa atsikana. Pomaliza, zimene agwirizana ndi mwini nyumba zilembedwe, ngakhale papepala la mu kope, onse awiri asayine ndipo risiti isungidwe.

Ngati pali wophunzira wolumala, wosaona kapena wosamva, nkhani yake ya pogona ikafike ku ofesi tsiku lomwelo, isadikire kuti malo onse a pansi ndi apafupi atengedwe kaye.

Gawo lachitatu: ayendetseni

Gawo ili ndi lalifupi. Tengani kagulu kanu muyende nako wapansi kukaona zipinda zophunziriramo, laibulale, chipatala cha pasukulu, ofesi ya zachuma, ofesi ya kaundula ndi malo otsika mtengo ogulirako chakudya. Aliyense atsegule yekha akaunti yake pa makina a sukulu inu mukuona, chifukwa alipo ena amene akugwira kompyuta koyamba ndipo sanganene zimenezo pagulu.

Gawo lachinayi: ndalama ndi chakudya

Apa m'pamene utsogoleri wanu udzayesedwe, pakuti njala ya wophunzira imabisala. Chaka china ndinali ndi mnyamata m'kagulu kanga amene nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankatsala m'kalasi akuwerenga, ndipo ndikamufunsa ngati wadya ankangoti wadya kale. Ndinamutama m'mtima kuti ndi wakhama. Patapita masabata atatu ndinapita kuchipinda chake kukabwereka buku, ndipo ndinapeza kapu ya madzi a shuga patebulo ndi kathumba ka ufa kopindidwa bwinobwino, mkati mulibe kanthu. Ankadya kamodzi patsiku, madzulo, ndipo masiku ena ayi. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinafunsa funso limene munthu wamanyazi angaliyankhe ndi bodza.

Chifukwa cha zimenezi, musafunse kuti, "Kodi uli ndi vuto la ndalama?" Yankho lidzakhala lakuti ayi. M'malo mwake itanani kagulu konse kuti kadzadye pamodzi kamodzi pa sabata, aliyense abweretse chimene ali nacho, wina ufa, wina tomato, wina bonya, wina nkhuni kapena makala, wina manja ake okha otsukira mbale. Pa mphasa yotere mudzaona nokha amene akuvutika, ndipo mudzapeza mpata womutengera pambali popanda kumuchititsa manyazi. Limbikitsani amene amakhala moyandikana kuti aziphika mphika umodzi, chifukwa ndalama ya anthu anayi ikaphatikizidwa imafika kutali kusiyana ndi kugula chipisi pamsewu aliyense payekha.

Muyeneranso kudziwa bwino za ngongole za bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Dziwani nthawi yofunsira ngongoleyo, zikalata zofunika ndi tsiku lotsekera, ndipo muthandize ophunzira anu kudzaza mafomu molondola. Auzeni zoona zake, kuti si onse ofunsira amene amapatsidwa, kuti ndalamayo ikhoza kufika semesita itayamba kale, ndiponso kuti ndi ngongole yodzabweza akadzamaliza maphunziro. Amene sanapatsidwe muwaperekeze ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ija, kumene amadziwa za mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amene amathandiza ophunzira osowa. Chimodzi chokha musachite: musamabwereketse ndalama zanu mwachizolowezi, ndipo musasunge ndalama za wophunzira aliyense. Ubale wa mtsogoleri ndi womutsatira umaonongeka msanga pakalowa ngongole, ndipo wokongolayo amayamba kukuzembani pa nthawi imene akufunika thandizo lanu kwambiri.

Gawo lachisanu: maphunziro enieniwo

Wophunzira wochokera ku CDSS amene anakhoza bwino MSCE ndi wanzeru ndithu, mwina kuposa anzake ambiri, poti anakhoza wopanda laibulale ndi labotale yokwanira. Chimamusokoneza ndi kachitidwe ka zinthu. Ku sekondale mphunzitsi ankalemba manotsi pa bolodi ndi kulondola amene sanabwere, pamene kuno mphunzitsi amalankhula mwachangu m'Chingerezi kwa anthu mazana, n'kutchula mabuku oti akawerenge, n'kutuluka. Palibe amene adzamufunse chifukwa chimene wajombera.

Mufotokozereni msanga mmene magiredi amawerengedwera pa sukulu yanu, kuti ntchito za mkati mwa semesita zimalowa m'zotsatira zomaliza, kuti wolephera pang'ono amalemba mayeso obwereza amene ophunzira amangowatcha sapu, ndipo wolephera kwambiri amachotsedwa, kumene pa kampasi amati kuwidedwa. Mawu amenewa amaopsa, koma ndi bwino awamve kwa inu m'sabata yachiwiri kusiyana ndi kudzawamva kumapeto kwa chaka. Muonetseni mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, mumuphunzitse kutchula kumene watenga mfundo polemba ntchito yake, ndipo mumuchenjeze kuti kukopera za pa intaneti kapena za mnzake ndi mlandu waukulu pa yunivesite.

Ambiri amaopa kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambiwu suchotsa mantha, choncho ulendo woyamba pitani naye, mumusiye pakhomo alowe yekha. Inu musamulembere ntchito, ngakhale atakudandaulirani chotani.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: atetezeni kwa anzanu omwe

Ophunzira akale amatcha atsopano kuti mayearo, ndipo dzinali palokha silipweteka munthu. Chopweteka ndi zimene ena amachita m'dzina la mwambo, monga kuwakuwiza, kuwatuma mwachipongwe, kuwalanda chakudya kapena kuwakakamiza kumwa mowa. Ena amati ifenso tinadutsa momwemo. Ine ndimaona kuti kudutsa m'minga si chifukwa chobzalira minga ina, ndipo mtsogoleri amene amaseka nawo zoterezi ophunzira atsopano sadzamuuzanso kanthu. Mukaona zikuchitika, mutcheni wochitayo dzina lake ndi kumuletsa pomwepo, ndipo akapitiriza mukanene kwa oyang'anira mwambo.

Atsikana a chaka choyamba amasakidwa kwambiri m'masabata oyambirira, ndi ophunzira akale, ndi abambo a magalimoto amene amaima pa geti madzulo, ndipo nthawi zina ndi anthu amene ali ndi mphamvu pa magiredi awo. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, choncho werengani ndondomeko ya sukulu yanu pa nkhaniyi kuti mudziwe ofesi yokadandaulako. Kagulu kalikonse kakhale ndi mtsogoleri wamkazi amene atsikana angamufikire momasuka. Lamulo limeneli likukhudzanso inu: musafunsire wophunzira amene mukumuyang'anira, pakuti iye sangakukaneni momasuka pamene akudalira inu pa zonse.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: dziwani pamene mphamvu zanu zathera

Cha m'sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, ndalama zochokera kumudzi zimakhala zitatha, zotsatira za mayeso oyamba zatuluka, ndipo kupukwa kwafika pachimake. Ino ndi nthawi yoyendera aliyense payekha. Samalani ndi amene wasiya kubwera m'kalasi, amene amangogona masana onse, amene wayamba kumwa kwambiri kapena kutchova juga pa foni, ndiponso amene akulankhula mawu otaya mtima monga akuti kuli bwino kungochoka padziko. Mawu otere musawatenge ngati nthabwala. Khalani naye, mumvetsereni osamudula kapena kumulalikira, musamusiye yekha, ndipo mupite naye tsiku lomwelo kwa mlangizi wa pasukulu kapena kuchipatala. Inu si dokotala, ndipo simuyenera kulonjeza kusunga chinsinsi chimene chingatayitse moyo. Zinsinsi zina zonse, monga za matenda, za mimba kapena za umphawi wa kwawo, zisatuluke pakamwa panu, ngakhale kwa atsogoleri anzanu, pokhapokha mwini wake atalola.

Kumbukirani kuti nanunso muli ndi mayeso. Uzani kagulu kanu maola amene mumapezeka, ndipo mukhale ndi mnzanu wogwirizira pamene inu mwapanikizika.

Semesita ikamatha, khalani pansi ndi atsogoleri anzanu mulembe zimene mwaphunzira: nyumba zimene zinali zabwino ndi zimene zinavuta, maofesi amene anathandiza msanga, masiku otsekera mafomu, ndi mafunso amene anabwera kawirikawiri. Kope limenelo, lopanda mayina a ophunzira ndi zinsinsi zawo, mukalisiye ku ofesi ya bungwe la ophunzira, ndipo musankhiretu awiri kapena atatu a m'kagulu kanu amene mudzapite nawo pa depoti chaka chamawa.