Konzani kaye ubweya musanaluke chibulangeti ndi mikono

Chibulangeti changa choyamba ndinachiluka madzulo a tsiku lomwe ubweya unafika, osaukonza n'komwe. Sipanathe masabata awiri, mpando wonse unali mbuu, jekete lakuda la bambo a kunyumba losavalika. Vuto lake n'lakuti ubweya wochindikala ngati dzanjawu, umene m'masitolo amautcha roving, si ulusi. Anangouchapa n'kuupesa, sanaupote, ndiye palibe chouletsa kuthothoka.

Ine ndimagula wa nkhosa za Merino, zomwe zimawetedwa kwambiri kudera la Karoo kuno ku South Africa. Bulangeti la mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'litali limandithera makilogalamu atatu ndi theka. Gulani wonse kamodzi, chifukwa utoto umasiyanako mukadzagula wina pambuyo pake.

Sesani pansi, yalani nsalu ya pabedi, vulani mphete ndi zibangili, mphaka atuluke. Masulani mpukutuwo pang'onopang'ono. Ngati wachindikala kwambiri, ugaweni pawiri m'litali mwake, kuyambira kunsonga, zala zikutsata pakati ngati mukung'amba luzi. Sizasi ayi. Pofuna kudula, gwirani ndi manja awiri motalikirana masentimita 30, kenako kokani mofatsa. Umalekana wokha, nsonga zake zili zopyapyala bwino. Mukagwira moyandikana mudzangotopa.

Tsopano pamene pagona nkhani. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo tikakumana ndi chinyontho, kutentha ndi kufikisa, timakolana osamasukanso. Ife tikufuna kuti zimenezi zichitike pamwamba pokha, m'kati mukhalebe wofuwofu. Yalani ubweyawo pansaluyo m'mizere yokhotakhota, mizereyo isagundane, apo ayi imatana. Wazani madzi ofunda okhala ndi kasopo pang'ono, mongonyowetsa ngati mmene timachitira ndi malaya tisanasite. Fundikani nsalu ina pamwamba, kulungani zonse ngati mphasa, ndipo gudubuzani ndi zikhatho uku ndi uku, osadinikiza, kwa mphindi zisanu. Funyululani muone. Tsinani pamwamba ndi zala ziwiri: ubweya ukazuka mosavuta, kulunganinso. Ukatukuka ngati kakhungu kopyapyala, lekerani pomwepo.

Ndikunenetsa, lekerani pomwepo. Ulendo wina ndinapitiriza poganiza kuti ndikuulimbitsa, chinatuluka chingwe chouma gwa, chachifupi, cholimba ngati chomangira mbuzi, ndipo chosabwezeka. N'chifukwa chake masiku ano ndimayamba ndayesa pa kachidutswa ka mita imodzi.

Yanikani pamthunzi, chogoneka. Mukaupachika pachingwe uli wonyowa umatamuka n'kuwonda malo ena. M'nyengo yozizira ya June ndi July umatenga tsiku lathunthu, nthawi zina awiri.

Polumikiza zidutswa musamange mfundo, imatuluka ngati chotupa pabulangeti. Pyapyalitsani nsonga zonse ziwiri, zisanjikizeni kutalika kwa chikhatho, nyowetsani manja, n'kufikisa pakati pa zikhatho mpaka mumve kutentha. Kokani pang'ono muone ngati zagwirana.

Ukauma, kulungani mpira waukulu mosamangitsa, muuike m'basiketi yoyera pambali panu. Ndipo pitani kaye kuchimbudzi, foni ikhale patali, chifukwa mukayamba kuluka, malupu (timphete ta ubweyawo) akakwera pamikono simudzukanso mpaka mzere utatha.