Kuwedza ndi Choyandama pa Miyala ndi pa Jeti ku Gombe la KwaZulu-Natal

Amene akukhala ku Durban kapena m'matauni a kummwera kwake, monga Amanzimtoti, Scottburgh ndi Margate, amaona anthu ataima pa miyala m'bandakucha ndodo zowedzera zili m'manja, ndipo ambiri amalakalaka atayesako. Munthu amene akuyamba kumene ndimamulangiza kuwedza ndi choyandama, chifukwa mbedza imalendewera pamwamba pa miyala ya pansi pa madzi m'malo mokodwa m'ming'alu, ndiponso maso amaona okha pamene nsomba yagwira nyambo.

Musanagule chipangizo chilichonse, pezani chilolezo cha boma la South Africa chowedzera mongosangalala, muziyenda nacho nthawi zonse, ndipo dziwani kuti nsomba zogwidwa ndi chilolezo chimenechi nzoletsedwa kugulitsa. Nsomba imene imasonkhanitsa anthu kwambiri pa gombeli ndi shad, imene ku Cape amaitcha elf, ndipo imachuluka m'miyezi yozizira. Munthu mmodzi amaloledwa kusunga 4 zokha pa tsiku, iliyonse yotalika masentimita osachepera 30, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 30 Novembala siyiloledwa kugwidwa n'komwe pofuna kuti iswane.

Wophunzirira kuwedza ku Nyanja ya Malawi ayenera kuzolowera chinthu chimene kwathu kulibe: madzi a nyanja yamchere amakwera kawiri ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amakwera kwambiri ndiponso amatsika kwambiri kuposa masiku ena. Onani ndandanda ya nthawizi pa intaneti, ndipo sankhani tsiku limene madzi akhale akukwera dzuwa lisanatuluke kapena likamalowa, popeza shad imayandikira kumtunda kudzadya kuwala kukakhala kochepa.

Ndodo yotalika mamita atatu kapena kupitirirako pang'ono ndi yokwanira, ndi chingwe chokhuthala mamilimita pafupifupi 0.35. Pa chingwecho yambani ndi kumanga kamfundo ka ulusi wina, kothina koma koti mukakakoka ndi zala kazitha kusuntha. Kenaka lowetsani mkanda waung'ono, choyandama chokhala ndi bowo pakati, mkanda wina ndi kamtovu kozungulira, n'kumangirira kumapeto swivel, kachitsulo kolumikizira zingwe kamene kamazungulira kuti chingwe chisapotane. Kuchoka pa swivel pakhale chingwe cha theka la mita, ndipo chimalizire ndi kawaya kafupi ndi mbedza ya saizi 3/0 kapena 4/0. Kawayako musakanyozere, chifukwa mano a shad amadula chingwe wamba mosavuta.

Nkhani yonse yagona pa kamfundo kaja. Mukaponya, kamtovu kamakokera chingwe pansi kudzera m'bowo la choyandama mpaka mfundo itafika pa mkanda, ndipo pamenepo ndiye pamene nyambo imaima. Choncho mtunda wochoka pa mfundo kufika pa mbedza ndiwo kuya kumene mukuwedza. Yambani ndi mita imodzi ndi theka. Ngati mwaponya kangapo popanda chogwira, sunthani mfundo ndi theka la mita, muponyenso, ndipo pitirizani chomwecho mpaka mutapeza pamene nsomba zikudutsa. Choyandama chikagona cham'mbali, ndiye kuti kamtovu kakhudza pansi ndipo muyenera kufupikitsa msanga mbedza isanakodwe. Kumbukiraninso kuti madzi akamakwera kuya kumasintha, moti muyeso umene unali wabwino dzuwa lisanatuluke umakhala utaphonya pakatha maola awiri. Anthu ambiri amene amabwerera kunyumba chimanjamanja amadandaula za nyambo, pamene vuto lenileni nlakuti anamanga mfundo pamalo amodzi n'kuisiya pomwepo m'mawa wonse. Kulemera kwa kamtovu nakonso kuyenderane ndi choyandama, kotero kuti chiziima chilili nsonga yokha ikuoneka. Chikatsala kwambiri pamwamba, nsomba imamva kulimba n'kulavula nyambo.

Nyambo yodalirika ndi sadini. Lengani mnofu wa mbali imodzi, muukulunge pa mbedza ndi pa kawaya mbali ya mnofu ili kunja kuti mafuta ndi fungo zizifalikira m'madzi, kenaka muumange ndi ulusi wotanuka wa nyambo, nsonga ya mbedza ikhale poyera. Ponyani m'mphepete mwa madzi a thovu, pamene mafunde oswekera pa miyala akukumana ndi madzi odekha, ndipo mulole madzi ayendetse choyandama uku mukukulunga chingwe cholendewera. Choyandama chikamangogwedera dikirani, pakuti kawirikawiri zimakhala nsomba zing'onozing'ono monga karanteen zikujompha. Chikamira ndithu, kwezani ndodo mwamphamvu kamodzi ndipo musalole chingwe kukhwepa. Pa miyala, yembekezerani funde likuthandizeni kukweza nsomba. Pa jeti pamakhala anthu ambiri, choncho yang'anani kumbuyo musanaponye ndipo ponyani molunjika kutsogolo kwanu kuti zingwe zisapiringizane.

Za chitetezo ndikunena ndi mtima wonse. Mukafika, imani patali kwa mphindi 15 mukuona mmene mafunde akumenyera, chifukwa akuluakulu amabwera motsatizana pakapita kanthawi madzi ataoneka ngati adekha. Mwala wonyowa kapena wa ndere ukukuuzani kuti funde limafikapo. Musafulatire nyanja, musapite nokha, valani nsapato zogwira pansi, ndipo onetsetsani kuti njira imene mwadzera simizidwa madzi akakwera. Sungani mu foni nambala ya bungwe lopulumutsa anthu pa nyanja la NSRI.

Shad mukaigwira, ichotseni mbedza ndi pulayazi, osati ndi zala, n'kuiyeza kuyambira kukamwa mpaka kumapeto kwa mchira. Yoperewera ibwezeni m'madzi nthawi yomweyo ndi manja onyowa. Yoti musunge muidule pansi pa mutu kuti magazi atuluke, muitumbule ndi kuiika pa ayezi, chifukwa mnofu wake ndi wofewa ndipo suchedwa kuwonongeka. Zidutswa za chingwe muzitolere, popeza zimakola mbalame za m'nyanja, ndipo mukafika kunyumba tsukani ndodo, chokulungira chingwe ndi mbedza ndi madzi a pampopi mchere usanayambitse dzimbiri.